Tinaimbabe Loweruka Limenelo

1

Dzina langa ndine Consolata. Kwathu ndi ku Zomba, ndipo akanandifunsa maganizo pa nkhani yosamutsa likulu, bwenzi mpaka lero ndili konko. Koma boma likamasamuka silifunsa akazi a anthu.

Amuna anga, a Lawford Kamphinda, anatsogola. Anali m'gulu la oyamba kutumizidwa ku Lilongwe mu 1973, maofesi a ku Capital Hill asanathe n'kumangidwa komwe. Ine ndinatsala kudikira nyumba. Ankabwera mwezi ukatha, nsapato zili psuu ndi dothi, n'kumati, "Pirira pang'ono, mayi, nyumba yathu akukhoma denga." Denga limenelo analikhoma zaka ziwiri.

Nditafika ku Area 10 ndinapeza nyumba ya zipinda zambiri kuposa anthu ake. Panja panali dothi lofiira lokhalokha, timitengo tolekeza m'mawondo tomangirira ku zikhomo, ndi misewu yatala yotakata imene inkakathera m'tchire. Ku Zomba mchere ndinkapempha pawindo. Kuno woyandikana naye anali patali moti ngakhale ndikanakuwa sakanamva. Mwana tinalibe. Mimba ziwiri zinapita padera, ndipo nkhaniyo tinaleka kuikamba.

A Lawford ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo sabata iliyonse pankakhala ulendo. Akuti mafayilo ena adakali ku Zomba, ndipo wowalondola ndi iwo basi. Ine ndinkakolopa pamene ndakolopa kale. Masiku ena ndinkadzidzimuka madzulo nditazindikira kuti chidzukireni sindinalankhule ndi munthu.

Chimene chinkandisunga ndi chitoliro chachitsulo, choimbira cham'mbali, chimene sisitere wina anandiphunzitsa ndili ku sekondale n'kundisiyira pobwerera kwawo. Ndinkachiliza m'chipinda chopanda katundu, makoma okha n'kumandiyankha.

2

Lamulungu lina Misa itatha analengeza kuti a Edwell Chikaonda akufuna anthu odziwa chitoliro. Mzungu wina wa m'dera lathu, namwino dzina lake Phyllis, anali kale m'gululo. Lachitatu masana ananditenga pagalimoto yake, tinawoloka mlatho mpaka ku holo ya tchalitchi ina ku Old Town.

A Chikaonda anali bambo wa imvi, wopuma ntchito ku bandi, wolankhula ngati akulamula perete.

"Kuno sitiimba zimene ena anaimba kale," anatero. "Mzinda ndi watsopano, nyimbonso zikhale zatsopano. Timapeka tokha, kulemba, kenako kukaimba pamaso pa anthu. Chinanso, muno mulibe Mayi Uje. Dzina laubatizo?"

"Consolata."

"Khalani apo, pafupi ndi Alinesi. Iye ndi chitoliro choyamba, inu chachiwiri."

Alinesi anali mphunzitsi wa pulayimale, wocheperapo kwa ine, wamfupi, wa mano a mpata. Kumsana anabereka mwana. Anasendeza pepala la nyimbo kuti tiziwerengera limodzi, ndipo titaimba mzere woyamba anandiyang'ana cham'mbali, maso akuseka, chitoliro chili pamlomo. Tinkakoka mpweya malo amodzi osapangana.

Mwana atadzuka anandipatsira kuti ndimugwirire.

"Dzina lake ndani?"

"Efelo. Anamutcha ndi bambo ake."

"Ndiye ndanyamula apongozi anga," ndinatero. "Nawonso ndi a Efelo."

Anaseka mpaka a Chikaonda anagogoda patebulo.

3

Lachitatu linasanduka tsiku limene ndinkakhalira moyo. Tikaweruka, Phyllis ankapita kukagula zinthu m'masitolo a amwenye, ife awiri n'kutsikira kumsika kukagula chimanga chootcha, n'kukhala pakhonde la telala wina, Efelo ali pamiyendo panga. Pasanathe mwezi "inu" anatha pakati pathu. Iye ankanditchula asisi, koma tinali pa iwe ndi iwe.

Anandiuza kuti kwawo ndi ku Nathenje, chitoliro anaphunzirira ku koleji ya aphunzitsi, ndipo amuna ake, a Mbewe, ndi a zomangamanga, amakhalitsa ku Salima.

"Ndimaphika ndiwo za awiri, n'kudya ndekha masiku awiri," anatero. "Asisi, mzinda uno anaumangira amuna. Ife anatiitana kudzalondera makatani."

Tsiku lina patebulo ndinalephera kudzigwira.

"Bambo, ndapeza mnzanga. Alinesi, amaphunzitsa ku Old Town. Mukanamva mmene amalizira chitoliro."

A Lawford anaika foloko pansi, n'kumwa madzi nthawi yaitali.

"Gulu limenelo ulisiye."

"Chalakwika n'chiyani?"

"Masiku ano si osonkhana m'maholo ndi azungu. Anthu akuona. Ukufuna ndidzuke ntchito itatha?"

Amene munalipo zaka zimenezo mukudziwa kuti mawu otere sankawayankha. Lachitatu lotsatira ndinamuuza Phyllis kuti mutu ukundipweteka, ndipo ndinakhala pawindo kuyang'ana kamvuluvulu akuzunguza mapepala a simenti pamsewu. Lachitatu linalo hutala ya galimoto ya Phyllis italira pageti, ndinangotenga chitoliro n'kutuluka. Amuna anga sindinawauzenso kanthu, ndipo iwo sanafunse.

4

A Chikaonda anapeza holo ya hotela ina ku City Centre, n'kuika tsiku: Loweruka lina la mu Okutobala, masana. Nyimbo zonse zinali zoti zimveke koyamba. Iwo anapeka ziwiri, Phyllis imodzi, ndipo yotsekera inali ya Alinesi, yoyamba m'moyo wake. Anaiumba kuchokera ku kanyimbo ka pamtondo kamene ankamva ali mwana. Pakati pake zitoliro zinazo zinkakhala chete, n'kutsala iye ndi ine tikulandizana, wina akakweza wina n'kutsitsa, ngati akazi awiri akusinja.

Malo amenewo anali ovuta, choncho ndinamuitana kunyumba Loweruka lina a Lawford ali paulendo. Ndinadzuka m'bandakucha kuphika makeke. Chibwerereni ku Lilongwe, ameneyu anali mlendo wanga woyamba.

Anabwera pabasi, n'kuyenda mtunda wotsalawo wapansi, mapazi ali mbuu. Polowa anaima pakhomo n'kuseka.

"Asisi, nyumba yonseyi wekha? Ndikubweretsera ana anga a Sitandade 2 adzaphunzirire muno."

Ndinapita kukhitchini kukatenga tiyi. Pobwera ndinamupeza ataima pafupi ndi kabati ya m'balaza, atandifulatira. Efelo ankamukoka chitenje koma iye osatembenuka.

"Shuga angati?" ndinafunsa.

"Pepani," anatero, mawu ali pansipansi. "M'mimba mwandipotokola. Ndipite."

"Khala pansi kaye, ndikupatse mankhwala."

"Ayi, musavutike."

Anabereka mwana mofulumira, nsalu n'kumangika mokhota. Ndinamuperekeza mpaka pageti, koma anakana kuti ndipitirire. Ndinaima pamenepo kumuyang'ana akuchepera mumsewu wautali uja, osacheuka. Nditabwerera m'nyumba ndi pamene ndinazindikira kuti wanditchula kuti inu.

5

Masabata otsatira anali owawa kuposa aja ndinali ndisanamudziwe. Kuholo ankafika mochedwa n'kuchoka tisanatseke mabokosi a zitoliro. Ankaimba bwino ngati kale, koma maso ali papepala. Ndikatenga Efelo sankandiletsa, ankangoyang'ana kumbali. Anawonda mpaka diresi linkamulendewera.

"Ndakulakwira chiyani?" ndinamufunsa tsiku lina pakhomo pa holo.

"Simunalakwe kanthu, asisi. Ntchito yachuluka kusukulu."

Ndinadziimba mlandu ndekha. Ndinkati ndi nyumba ija. Munthu wokhala m'kachipinda ka lendi ndamuitanira ku makapeti ndi firiji, waona ngati ndikudzionetsera. Kumsika ndinayesa kupita ndekha kamodzi. Telala uja anandifunsa kuti, "Anzanu aja ali kuti lero?" ndipo chimanga ndinachisiya osachimaliza.

Kuti manja apeze chochita ndinasoka madiresi a tsiku la zoimbaimba, atatu ofanana, aatali, obiriwira. La Phyllis ndinamupatsa Lachitatu lomaliza. Alinesi tsiku limenelo sanabwere n'komwe.

6

Loweruka linafika. A Lawford anali atanyamuka Lachisanu, akuti abwera Lamulungu kuchokera ku Zomba. Ndinapinda diresi la Alinesi, kutenga chitoliro, n'kukwera basi ya ku Old Town. Kwawo ndinali ndisanafikeko, koma mayi wina wogulitsa tomato pafupi ndi sukulu anandilozera. "Aphunzitsi a chitoliro aja? Nyumba ya chitseko chabuluu, paima galimotopo."

Inali Pijo yoyera, nyali yakumbuyo yosweka. Nyali imeneyo ndinali nditatopa kuwakumbutsa eni ake kuti akakonzetse.

Pakhonde panakhala a Lawford, jekete ili pambali, Efelo ali pamiyendo pawo akuseweretsa tayi. Ankalankhula ndi chitseko chotseka.

"Alinesi, tsegula. Ndaona maina anu nonse awiri pa chikwangwani ku hotela. Usapiteko lero, ndapota nawe. Ndikonza zonse."

Anayamba kundiona ndi mwana. Dzanja limodzi anagwirabe tayi ya bambo ake, linalo anatambasulira kwa ine. A Lawford anatembenuka.

"Consolata. Ukudzatani kuno?"

"Ndabweretsa diresi." Mawu amene anabwera ndi okhawo.

Chitseko chinatseguka. Alinesi anandiyang'ana, maso otupa.

"Lowani, asisi. Inu bambo tsalani pomwepo."

Munali chipinda chimodzi ndi kabalaza. Pa msomali panapachikidwa malaya amene ndinasita ndi manja anga, amene anandiuza kuti anaiwala ku resitihausi. Mbewe ndi mfunda wa a Lawford, koma a Mbewe m'dziko muno ndi osawerengeka, ndipo maganizo anga sanafikeko ngakhale tsiku limodzi.

"Unadziwa liti?" ndinafunsa.

"Tsiku lija kwanu. Chithunzi cha ukwati pakabati." Anayang'ana pansi. "Anandiuza kuti mkazi wawo wa ku Zomba anawathawa, ukwati unatha kalekale. Sindinabe, asisi. Anabwera kwathu ku Nathenje ndi amalume awo, ankhoswe anakumana, nkhuku inadyedwa."

"Amalume awo ati? Amalume awo anamwalira ine ndisanakwatiwe."

"Aatali, a chipsera pachipumi."

"Ameneyo ndi dalaivala wa kuofesi kwawo."

Izi sankazidziwa. Anakhala pansi pa simenti. Masabata onse aja ankadzitonthoza kuti ngakhale wanamizidwa, ndi mkazi wokwatiwa mwamwambo. Ine ndi amene ndinamulanda chotsalacho, osadziwa.

Ndinakhala nanenso pansi.

"Bwanji sunandiuze?"

"Iwowo ndinawathamangitsa tsiku lomwelo, sanagonenso muno. Koma inu... Lachitatu lililonse ndimabwera mawu nditakonza. Ndiye mumandisendezera mpando, mumanyamula Efelo. Ndinaona kuti tsiku ndidzatsegule pakamwa ndi tsiku ndidzakutayeni. Ndinkangoti, sabata yamawa."

Kunja mwana anayamba kulira. Alinesi anapukuta kumaso ndi chitenje.

"Nanga za kuhotela?"

Ndinaganiza za a Chikaonda, amene anayenda ofesi ndi ofesi kuitana anthu. Ndinaganizanso za nyumba ya ku Area 10, ndipo ndinadziwa kuti kulikonse ndingapite masana amenewo, koma osati kumeneko.

"Vala diresi," ndinatero.

Tikutuluka, a Lawford anaimirira. Alinesi anawalanda mwana osawayang'ana. Iwo ananditsatira mpaka pamsewu.

"Undimvetse, mayi. Ndinali ndekha, mzinda uno unali tchire. Tsiku lina ndinamva chitoliro kuseri kwa mpanda, ndinakumbuka iwe."

"Mukanakwera basi ya ku Zomba," ndinawayankha.

Anatsegula chitseko cha galimoto kuti atiperekeze. Tinawadutsa n'kupita pa siteji ya basi.

7

M'basi munatsala mpando umodzi wa anthu awiri. Tinakhala mogundana mapewa, madiresi ofanana, osalankhulana kuchokera pamlatho mpaka ku City Centre. Mayi wina anatifunsa ngati ndife pachibale. Tonse tinayang'ana pawindo.

Holo inadzaza kuposa mmene tinkayembekezera. Kunali a m'maofesi a akazembe, masisitere, akuluakulu a m'boma ndi akazi awo, ndi aphunzitsi anzake a Alinesi amene anakhala kumbuyo n'kumulandira Efelo. Nyimbo zitatu zoyambazo sindizikumbuka. Zala zinkayenda zokha.

Kenako a Chikaonda anaimirira. "Yotsirizayi sinamvekepo kwina kulikonse. Wapeka ndi mwana wathu Alinesi. Mukamva zitoliro ziwiri zatsala zokha, muone akazi awiri akusinja mumtondo umodzi."

Anthu anaseka mwaulemu. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Tinayamba anayi. Phyllis analeka, a Chikaonda analeka, tinatsala awiri. Alinesi anakweza, ine ndinatsitsa, iye anakweza. Pa ulendo wachitatu ndinalephera kumulandira. Ndinaika mlomo pachitoliro koma mpweya osatuluka. Ndinkaona khonde lija, tayi ija, kadzanja kaja.

Alinesi sanapitirire. Anagwira liwu lake lomwelo, kulikoka, kulikokabe, mpaka linayamba kunjenjemera. Ndinamuyang'ana cham'mbali. Misozi inkatsikira pachibwano, nkhope itafiira chifukwa chosowa mpweya, koma sanalisiye. Ankandidikira. Ndinakoka mpweya n'kulowa, ndipo tinasinja nyimbo ija mpaka kumapeto.

Anthu anaomba m'manja ataimirira. Ankayesa kuti malo aja analembedwa choncho. Mzungu wina anadzamufunsa Alinesi kuti maganizo oimitsa nyimbo pakati anawatenga kuti. A Chikaonda anatigwira m'mapewa tonse awiri, maso ali ngwee.

"Ana inu simunaimbepo chonchi. Mwadya chiyani lero?"

8

Lilongwe wa masiku amenewo anali wotakata misewu koma wochepa pakamwa. Pofika Lachiwiri nkhani inali itazungulira Capital Hill yense. Amalume a Alinesi anabwera kuchokera ku Nathenje n'kukamupeza dalaivala uja pamalo oimika magalimoto, anthu akuonerera m'mawindo. Ankhoswe anga anabwera kuchokera ku Zomba. Azimayi a kutchalitchi amene sanapondepo pakhomo panga anayamba kubwera awiriawiri kudzandipepesa, maso ali pakabati kufunafuna chithunzi.

Pabwalo la ankhoswe a Lawford anapempha kuti atisunge tonse, wina ku Area 10, wina ku Old Town, monga zinalili, kungoti tsopano poyera. Alinesi anakana. Inenso ndinakana. Nyumba inali ya boma ndipo inkatsata ntchito yawo, choncho wotuluka ndinali ine. Phyllis anandithandiza kupeza ntchito yotayipa ku banki ina ku City Centre, ndipo ndinapeza kachipinda ku Kawale.

Mwina mukuganiza kuti ine ndi Alinesi tinagwirana manja n'kukhala limodzi ngati pachibale. Tinayesa. Tinabwerera kuholo kawiri. Sitinakanganepo. Koma ndikanyamula Efelo ndinkaona chipumi cha bambo ake, manja n'kuuma. Alinesi akandiyang'ana ankayamba kupepesa, ine n'kutopa ndi kumukhululukira pa mlandu umene sanapalamule. Kusukulu makolo ankamuloza zala. Chaka chisanathe anapempha kuti amusamutsire ku Mchinji.

Ndinapita kudepoti kukamuperekeza. Katundu wake anali sutikesi, mtolo wa ziwiya ndi bokosi la chitoliro. Kondakitala ataitana, anandigwira dzanja, n'kusowa pondiika. Kunditchula kuti asisi sikunkamvekanso.

"Tsala bwino, mkazi mnzanga," anatero.

Tinayang'anana, n'kuseka tonse awiri, kuseka kopweteka m'nthiti. Anakwera. Basi inatembenuka, fumbi n'kuitsekera.

9

Papita zaka zingapo tsopano. A Lawford anakwatira wina, ndimawaona nthawi zina pamzere wa kubanki, timapatsana moni ngati anthu amene anaphunzira sukulu imodzi. Gulu la a Chikaonda lilipobe, lakula, ndipo chaka chilichonse timaimba nyimbo zatsopano. Anandikweza kukhala chitoliro choyamba. Wachiwiri wanga ndi mtsikana waluso, waulemu, amene amawerenga bwino pepala. Tikaweruka aliyense amalowera kwake.

Owerenga anzanga, makamaka inu amayi amene mwatsatira amuna anu kumalo achilendo, sindikulemba kuti ndikuuzeni zoti muzisecha matumba a jekete. Wofuna kunama amanama, ngakhale kubwereka amalume. Chimene ndaphunzira n'chakuti bodza la m'banja silipsereza ukwati wokha. Limayaka n'kulumphira kwa anthu amene sanakoleze nawo motowo, ndipo chimene chimapsa kwambiri nthawi zina si chimene ankhoswe amakhalira pansi kukambirana. Pa mlandu wanga anakamba za mipando, za firiji, za mbiri ya banja. Palibe anafunsa kuti mnzanga andibwezera ndani.

Anthu akamandimvera chisoni amati, "Pepani, amuna ndi otero." Ndimangovomera, chifukwa zoona zake n'zovuta kufotokoza pamsewu. Mwamuna ndinamulira miyezi yowerengeka, misozi n'kuuma yokha. Amene ndikumulirabe ndi Alinesi.